Gemu ya kaunjika: akudyerapo ndani?

Mukalowa pa tsamba la pa intaneti la CeX, sitolo ya ku Britain yogula ndi kugulitsa katundu wogwirapo kale ntchito, n'kusankha gemu iliyonse, mupeza kuti ili ndi mitengo itatu. Woyamba ndi umene iwo akukugulitsirani. Wachiwiri ndi ndalama imene angakupatseni m'manja ngati inuyo mwawapititsira gemu yomweyo. Wachitatu ndi wa vocha, kutanthauza kuti sakupatsani ndalama, akupatsani chikalata choti mugulire katundu wina m'sitolo mwawo momwemo. Woyamba uja ndiye wokwera, wa vocha umakhala pakati, wa ndalama ya m'manja ndiye wotsikitsitsa.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za mitengo itatu imeneyi, chifukwa bizinesi yonse ya magemu akale yagona pa mipata imene ili pakati pake. Musaone ngati ndi nkhani ya azungu okha. Chimbale cha PlayStation 4 chimene achimwene anakutumizirani kuchokera ku Manchester kapena ku Johannesburg, chija chili ndi zomata za mitengo ziwiri zitatu pachikuto, chinayenda njira imeneyi chisanafike m'manja mwanu. Mukadziwa mmene chinayendera, mudziwanso nthawi yogula, nthawi yogulitsa, ndi chimene titaye zimbale zikadzatha pamsika.

Kasitomala ndiye holoselo

Venda wa kaunjika akafuna katundu amakaoda belo. Wogulitsa magemu akale alibe kokaoda, chifukwa palibe fakitale imene imapanga zinthu zakale. Amene amamubweretsera katundu ndi kasitomala wake yemweyo: mnyamata amene wamaliza gemu yake ndipo akulakalaka ina, kapena mayi amene akusesa m'chipinda cha mwana amene wapita ku koleji. Dongosolo limeneli pa Chingerezi amalitcha trade-in, kusiya chakale kuti akuchotsereni pa mtengo wa chimene mukufuna.

Kale munthu ankayenera kunyamula zimbale zake n'kupita nazo pa kauntala. CeX inayamba choncho mu 1992, ndi kasitolo kamodzi mumzinda wa London. GameStop ya ku America, imene likulu lake lili ku Grapevine m'chigawo cha Texas, inakulira pa njira yomweyi. Intaneti itafala, kauntala ija inasamukira m'foni. Kampani ya musicMagpie, imene inayamba mu 2007 ku Stockport pafupi ndi Manchester, ndi momox ya ku Berlin m'dziko la Germany, zimagula katundu kwa anthu amene sizinawaonepo nkhope. Nayo Amazon inalowa m'bizinesi imeneyi mu 2009, ikulipira ndi makadi ogulira zinthu pa Amazon pomwepo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mumatsegula pulogalamu yawo pafoni, n'kulozetsa kamera pa timizere takuda tija ta kuseri kwa chikuto. Nthawi yomweyo mtengo umatuluka. Mukavomera, mumalongedza zimbale m'katoni, n'kumata chipepala cha adiresi chimene akupatsani, n'kutumiza, kawirikawiri osalipira kanthu. Katoni ikafika amayesa katunduyo. Akakhutira amakulipirani, akapeza vuto amatsitsa mtengo kapena kukana.

Onani kuti pamenepa palibe kunenerera. Pamsika wa kaunjika ukhoza kuyamba kuchoka mwadala kuti wogulitsa akuitanenso. Apa amene akuika mtengo ndi kompyuta, ndipo siisuntha. Imayang'ana kuti gemu imeneyo ali nayo yochuluka bwanji m'nkhokwe, ikuyenda mwachangu bwanji, anzawo akugulitsa pa mtengo wanji, ndiponso ngati yatsopano ya mtundu womwewo yatsala pang'ono kutuluka. N'chifukwa chake mtengo wa lero si wa mawa.

Chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa ndi gemu ya mpira. FIFA inkatuluka chaka ndi chaka cha kumapeto kwa Seputembala, ndipo EA Sports FC, imene inalowa m'malo mwake mu 2023, ikutsatira mwambo womwewo. Yatsopano ikangotuluka, anthu miyandamiyanda amathamangira kukasiya ya chaka chatha. Nkhokwe zimadzaza, ogula amachepa, mtengo umagwa chagada. Koma magemu a Nintendo monga Mario Kart ndi Zelda amasunga mtengo kwa zaka, chifukwa eni ake sawataya msanga ndipo kampaniyo sikonda kutsitsa mitengo ya atsopano. Ndi nkhani yomwe ija ya tomato pa nthawi yokolola.

Kumene chimbale chimakasamba

Chimbale chikalandiridwa sichipita pashelefu mmene chabwerera. GameStop ili ndi chinyumba chachikulu ku Grapevine chimene ntchito yake ndi kukonza katundu wotere. Makampani ena ali ndi zawo. M'menemo antchito amayesa ngati chimbale chikuwerengeka, amachipukuta, amachotsa zomata zakale, ndipo chikuto chikakhala chosweka amaika china. Akakhala makina osewerera, amawatsegula, kupuntha fumbi, kusintha zimene zafa, ndi kufufuta zonse za mwini wake wakale.

Chimbale chokalika amachiika m'makina amene amapala pang'ono pulasitiki ya pamwamba mpaka mizere ija itatha. Koma apa pali kusiyana kofunika kukudziwa. Zimbale za DVD, zimene PlayStation 2 ndi Xbox 360 zinkagwiritsa ntchito, zimasunga gemu pansi pa pulasitiki yochindikala mamilimita 0.6, ndiye mpata wopala ulipo. Za Blu-ray, zimene ndi za PlayStation 3, 4 ndi 5 komanso Xbox One, zimasunga gemu pansi pa mamilimita 0.1 okha. N'zoona kuti anazikutira ndi zolimba kuti zisakalike msanga, koma zikakalika mozama kuzipulumutsa n'kovuta. Ndiye wina akamakuuzani kuti chimbale cha PS4 chokalika kwambiri "chimangofuna kupukuta basi", gwirani kaye thumba lanu.

Chikasamba, chimbale chimabwerera pamsika kudzera m'makomo angapo. Loyamba ndi tsamba la kampaniyo. Lachiwiri ndi misika ikuluikulu ya pa intaneti: musicMagpie inafika pokhala mmodzi mwa ogulitsa akuluakulu pa eBay ndi pa Amazon, ndipo momox imagulitsa pansi pa dzina lina, medimops. Choncho munthu akhoza kugulitsa gemu kwa kampani ina, mnzake n'kudzaigula pa eBay osadziwa kuti ndi kampani yomweyo. Lachitatu ndi masitolo enieni. Mukaoda pa tsamba la CeX, katunduyo amachokera pashelefu ya sitolo yawo iliyonse imene ili naye, mwina tauni yakutali kwambiri ndi kumene mukukhala.

Ndipo ulendo suthera pamenepo. Amene wagulayo akamaliza, amachibwezanso. Chimbale chimodzi chikhoza kuzungulira katatu, kanayi, ndipo ulendo uliwonse sitolo imatapapo. Zomata zija zosanjikizana pachikuto ndi umboni wa maulendo amenewa.

Pamene pali mafuta

Kuti tione kukula kwa phindu, tiyeni tiyang'ane GameStop, poti ndi kampani ya pamsika wa masheya ndipo imakakamizika kuulula maakaunti ake chaka chilichonse. Pakati pa 2010 ndi 2014, katundu wakale ankailowetsera ndalama zoposa madola 2 biliyoni pachaka. Pa dola iliyonse imene inkalowa pogulitsa makina atsopano, kampaniyo inkatsala ndi masenti pafupifupi 10 kapena kucheperapo ikachotsa mtengo woodera. Pa gemu yatsopano inkatsala ndi masenti 20 ndi pang'ono. Pa katundu wakale inkatsala ndi masenti oposa 45, pafupifupi theka. Zakale zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malonda onse, koma zinkabweretsa zoposa magawo 40 pa 100 a phindu limeneli.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Pa gemu yatsopano pali anthu ambiri odya: kampani imene inaipanga, kampani yoifalitsa, ndi mwini makina, kaya Sony, Microsoft kapena Nintendo, amene amatenga gawo lake pa chimbale chilichonse. Sitolo imangonyambita zotsala. Pa gemu yakale onsewa sapatsidwa kanthu. Mtengo woodera amauika yekha wogulitsa, mtengo wogulitsira amauikanso yekha.

Kodi ndiye kuti ndi akuba? Ine sindikuona choncho. Pa theka lija pamachoka lendi, malipiro a antchito, positi yopita ndi yobwera, makina opala aja, ndi chitsimikizo choti katundu akafa m'nthawi yoikika adzabweza kapena kusintha. Palinso zimbale zimene zimagona pashelefu mpaka mtengo wake kutsika kuposa umene anagulira. Chimene sitolo ikukugulitsani mukamaisiyira gemu yanu ndi changu. Lero lomwe katundu wachoka m'manja, simunajambule zithunzi, simunayankhe mauthenga a anthu ofunsa mtengo womaliza amene sadzabwera, simunakumane ndi mlendo pamalo okwerera basi. Changu chimenecho mumachilipira, ndipo mtengo wake ndi mpata uja wa pakati pa mtengo woyamba ndi wachiwiri. Vuto ndi loti ambiri amalipira osadziwa kuti akulipira.

Chinsinsi cha vocha

Tsopano tibwere pa mtengo wachitatu. N'chifukwa chiyani sitolo imalolera kupereka zambiri pa vocha kuposa pa ndalama ya m'manja? Si chifundo ayi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Mwapititsa magemu anu, ndipo akuti ndalama ya m'manja ndi mapaundi 14, vocha ndi mapaundi 20. Mwasankha vocha, n'kutenga gemu ina yakale ya mapaundi 20. Gemu imeneyo sitolo inaigula kwa munthu wina pa mapaundi 11. Ndiye kuti vocha yanu ya 20 ija sitolo yaiwombola ndi katundu amene inamugula pa 11. Yawononga zochepa kuposa ikanakupatsani 14 m'manja, pamene inu mukutuluka mukumwetulira kuti akuikirani basela. Komanso si kawirikawiri kuti vocha ikwanire ndendende. Chimene mukufuna chimakhala cha 28, ndiye mumapisa m'thumba n'kuwonjezera 8.

Vocha imamangirira munthu pakhomo limodzi. Sungalipire nayo lendi, sungagulire bandulo, sungatumize kumudzi. Ndalama imene ikanatuluka imangozungulira m'sitolo momwemo. N'chifukwa chake masitolo amenewa amakonda kulengeza zoti mukasiya magemu akale pogula yatsopano imene yangotuluka, akuwonjezerani vocha. Akupha mbalame zingapo: agulitsa yatsopano, adzaza nkhokwe ya zakale, ndipo akudziwa kuti yatsopanoyo mudzaibweretsanso.

Sindikunena kuti vocha ndi yoipa. Ngati munali kale ndi cholinga chogula chinthu m'sitolo imeneyo, tengani vocha, mwapindula. Koma ngati mwayamba kusakasaka choti mugule chifukwa choti vocha ili m'manja, dziwani kuti amene wapindula si inu.

Opanga magemu sanakondwe nazo

Makampani opanga magemu akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti chimbale chikuzungulira kanayi iwo atalandira kamodzi. Koma malamulo sanawayanje. Ku America, khoti lalikulu linagamula kale mu 1908, pa mlandu wokhudza mabuku, kuti mwini ntchito akagulitsa kope limodzi, alibenso mphamvu yolamula mmene kopelo lidzagulitsidwire m'tsogolo. Ku Japan opanga magemu anayesa kuletsa malonda a magemu akale kudzera m'makhoti, koma mu 2002 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera masitolo.

Atalephera kukhoti anayesa njira ina. Mu 2010 Electronic Arts inayambitsa Online Pass. Gemu yatsopano inkabwera ndi nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, yotsegulira kusewera ndi anzako pa intaneti. Wogula yakale ankapeza nambalayo itagwiritsidwa kale ntchito, ndipo ankayenera kulipira madola 10 kuti apatsidwe ina. Ubisoft, Sony ndi ena anatengera. Osewera anaipidwa nazo, ndipo mu 2013 Electronic Arts inazisiya.

Chaka chomwecho Microsoft inalengeza kuti Xbox One izifuna kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, komanso kuti kugulitsa kapena kupatsana zimbale kuzikhala ndi malire. Sony inayankha ndi kakanema ka masekondi ochepa kophunzitsa mmene mungabwerekere mnzanu gemu pa PlayStation 4: mkulu wina wa kampaniyo, Shuhei Yoshida, akungopereka chimbale m'manja mwa mnzake Adam Boyes, basi kwatha. Dziko linaseka, ndipo pa 19 Juni 2013 Microsoft inabweza ganizo lake.

Pa mkangano umenewu ine ndili mbali ya wogula. Dandaulo la opanga limaiwala chinthu chimodzi: munthu amalimba mtima kugula gemu ya madola 60 kapena 70 chifukwa akudziwa kuti akaimaliza adzapezapo kangachepe. Ndipo vocha zambiri zija zimathera pa magemu atsopano omwewo. Msika wa zakale umadyetsa msika wa zatsopano, ngati mmene wogula galimoto yatsopano ku Japan amadalira kuti kunja kuno alipo amene adzaigule ikakalamba.

Chimene khoti linakana, intaneti yapereka

Nkhondo imene opanga analuza poyera akuipambana mwakachetechete. Gemu yochita kutsitsa pa intaneti ilibe chimbale, ndiye palibe choti mukasiye pa kauntala. Mu Novembala 2020 Sony inatulutsa PlayStation 5 ya mitundu iwiri, ina yopanda polowetsa chimbale, ndipo Microsoft inatulutsa Xbox Series S yopandanso polowetsa. PlayStation 5 Pro ya 2024 imabwera yopanda, ofuna amagula padera. Zotsatira zake zikuoneka pamsika: mu Febuluwale 2024 GAME, sitolo yodziwika kwambiri ya magemu ku Britain, inasiya kulandira magemu akale.

Funso limene labuka ndi lakuti, kodi gemu yotsitsa pa intaneti ndi yanu? Ku France bungwe loteteza ogula la UFC-Que Choisir linasumira Valve, mwini wa sitolo ya Steam, kuti anthu aziloledwa kugulitsa magemu awo. Mu 2019 khoti la ku Paris linavomera, koma mu 2022 khoti la apilo linasintha chigamulocho mokomera Valve. Ku California kuli lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza masitolo a pa intaneti kunena poyera kuti chimene mukulipira ndi chilolezo chogwiritsa ntchito, osati umwini. Steam inayamba kuika chenjezo lotere mu 2024. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gemu imene simungaigulitse, simungaibwereketse, simungaisiyire mng'ono wanu, ndi ya pachala.

Ngakhale chimbale masiku ano sichodalirika ngati kale. The Crew, gemu ya mipikisano ya magalimoto imene Ubisoft inatulutsa mu 2014, inkadalira makompyuta a kampaniyo kuti iseweredwe. Kumapeto kwa Malichi 2024 anawazimitsa, ndipo zimbale zonse zinasanduka zotsekera pamphika. Nintendo Switch 2, imene inatuluka mu Juni 2025, ili ndi timakadi tina totchedwa game-key card timene mulibe gemu m'kati, ndi kiyi chabe yotsitsira gemuyo pa intaneti. Mukhoza kukagulitsa kakadiko, inde, koma woguladi ayenera kutsitsa gemu yonse payekha.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Ambiri mwa magemu ndi makina amene timasewera kwathu kuno, m'nyumba ndi m'timashopu tolipiritsa pa gemu tija, ndi katundu wakale wochokera kunja. Tili kumapeto kwa mtsinje. Wa ku London akasiya kugula zimbale lero, pakatha zaka zitatu kapena zinayi ndiye kuti kuno zasowa. Ndipo gemu zikuluzikulu za masiku ano zimafika magigabaiti 50, zina kupitirira 100. Werengerani nokha bandulo yake, muwonjezere netiweki yodukaduka ndi magetsi othimathima. Kwa iwo kutha kwa chimbale ndi kusintha kwa fasho. Kwa ife ndi khomo limene likutsekeka. Ndiye ngakhale ndikudziwa kuti masitolo a zakale amadya theka, ndimawafunira moyo wautali.

Mukamagulitsa

Kwa inu amene muli ku Britain, ku South Africa kapena kwina kumene kuli masitolo otere, malangizo anga ndi awa. Yambani mwaona mtengo umene sitolo ikugulitsira gemu yanuyo, musanayang'ane umene ikukupatsani. Mpata wake ukakhala waukulu ndipo simuli pa changu, gulitsani nokha kwa munthu pa mtengo wa pakati, nonse awiri mupindula. Fananizani makampani awiri kapena atatu, poti kulozetsa kamera sikulipiritsa. Gemu ya nkhani, imene mukaimaliza mwamaliza, igulitseni msanga isanatsike. Ya mpira musadikire Seputembala.

Tengani chiphaso. Ku South Africa lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogula katundu wakale, monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, alembetse ku polisi ndipo azilemba za munthu aliyense amene wawagulitsa katundu. Cholinga ndi kutseka msika wa zakuba, ndiye musakhumudwe akakufunsani. Ndipo ngati mukugulitsa makina, tulutsanimo akaunti yanu ndi kufufuta zonse nokha musanapereke. M'menemo mumakhala dzina lanu, mauthenga anu, mwinanso nambala ya khadi la kubanki.

Pomaliza, musanasiye mulu wa zimbale pa mtengo wa mbale imodzi ya chipisi, ganizirani kumudzi. FIFA ya zaka ziwiri zapitazo, imene kompyuta ya sitolo ikuiona ngati chinyalala, kwathu ikhoza kusangalatsa ana a m'nyumba zitatu tchuthi chonse.

Mukamagula

Kwa ife ogula, kaya pa intaneti kudzera mwa wachibale, kaya kwa venda m'tauni, pali mafunso ofunika kufunsa ndalama isanachoke m'manja.

Loyamba: makina anga ali ndi polowetsa chimbale? Zikumveka zoseketsa, koma Xbox Series S ndi PlayStation 5 ya mtundu wa Digital Edition zimatchipirako pa chifukwa chimenechi, ndipo wogula mosafunsa amadzazindikira ali kunyumba. Ngati mumadalira zimbale zakale, makina otchipawo adzakudyerani zambiri m'tsogolo. PlayStation 5 yokhala ndi polowetsa imaseweranso pafupifupi zimbale zonse za PlayStation 4, zimene pano ndi zambiri komanso zotsika mtengo.

Lachiwiri: gemu imeneyi imaseweredwa popanda intaneti? Kuseri kwa chikuto amalemba ngati intaneti ndi yofunika. Fufuzaninso pafoni ngati makompyuta ake akadayaka, kuti musagule The Crew ina.

Lachitatu: zowonjezera zimene zalembedwa pachikuto zili m'chimbale kapena ndi za nambala yachinsinsi? Ngati ndi za nambala, werengerani kuti mwini woyamba anaigwiritsa kale ntchito, ndipo musalipire mtengo wa zinthu zimene simudzaziona. Dziwaninso kuti ngakhale zimbale za PlayStation 4 zimasewera pa makina a dziko lililonse, zowonjezera zogula pa intaneti zimafuna kuti chigawo cha akaunti yanu chigwirizane ndi cha chimbale. Chimbale cha ku America ndi akaunti ya ku South Africa nthawi zambiri sizimvana.

Lachinayi: chikakanika, ndibweza kwa ndani? Apa m'pamene sitolo yaikulu imaposa munthu wamba, ndipo ndi chimene mukulipira pa mtengo wake wokwererapo. Koma chitsimikizo cha sitolo ya ku Leeds sichikuthandizani muli ku Zomba. Muuzeni wachibale wanuyo ayese chimbalecho iye asanatumize, ndipo asunge risiti. Mukamagula kwa venda, chiyang'aneni pa kuwala, ndipo ngati n'kotheka achiike m'makina muone gemu ikuyamba, osangoti chithunzi choyamba chaoneka. Timakatiriji takale ta Pokémon ta Game Boy Advance ndi Nintendo DS tili ndi tachinyengo tambiri pamsika, ndiye mtengo wozizira kwambiri ukhale chenjezo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndingakonde makolo achinyamata amene amawerenga tsamba lino achitenge. Mwana akapempha gemu, muphunzitseni kuwerengera mitengo iwiri: umene akugulira lero ndi umene angadzagulitsire akaimaliza. Kusiyana kwake ndiye mtengo weniweni wa gemuyo. Ya chimbale ya 40 imene idzagulitsidwe pa 25 yamudyera 15. Yotsitsa pa intaneti ya 30 yamudyera 30 yonse, kuphatikizapo bandulo. Kompyuta za masitolo aja zimachita masamu amenewa tsiku lililonse pa chimbale chilichonse. Mwana amene wawaphunzira pa gemu adzawagwiritsanso ntchito pogula foni, njinga yamoto, ngakhale galimoto.